Masiku asanu popanda wopambana, nanga vuto lili pati?

Anthu a mpira wamiyendo akamva za kiriketi ya Test amayamba ndi kuseka. Ati masewera anji oti anthu akuluakulu, atavala zoyera ngati akupita kokabatizidwa, amakhala padzuwa masiku asanu, kupuma kukadya nkhomaliro, kupumanso kukamwa tiyi, ndiye pomaliza n'kugwirana chanza kuti palibe wapambana? Chodandaulitsa n'choti ena mwa okonda kiriketi yomweyo ayamba kuyankhula chimodzimodzi. Akuti kulepherana kumathamangitsa oonerera, ndiye pafunika njira yoti wopambana azipezeka zivute zitani, monga achitira mapenate ku mpira. Ine ndikuti ayi, zisiyeni mmene zililimo.

Timvane kaye tanthauzo la kulepherana kwa kuno, chifukwa si kwa kumpira kuja koti zigoli zafanana. Timu iliyonse ili ndi anthu 11 ndipo imamenya mpira maulendo awiri. Ngati inu ndi amene mukuponya komaliza, kukhala ndi ma run ambiri sikokwanira. Muyeneranso kutulutsa omenya 10 a anzanuwo tsiku lachisanu lisanathe. Mukatulutsa 9, awiri otsalawo n'kukakamira mpaka nthawi kutha, basi, ma run anu aja mukadyera kunyumba. Munali amphamvu, inde, koma ntchito simunaimalize.

Inu a pamsika izi mukuzidziwa kuposa ine. Pamabwera mwezi wina woti za phindu mwaiwalako. Katundu wakwera kopikula, makasitomala akungofunsa mtengo n'kumapita, mwini nyumba akufuna yake. Chimene mukumenyera mwezi umenewo n'choti mpamba usadyeke. Mukafika kumapeto benchi lanu likadali pomwepo, palibe amene angakuuzeni kuti mwezi wonsewo munangotaya nthawi. Kiriketi ya Test imavomereza kuti nkhondo yotere iliko, ndipo imaipatsa malo ake.

Taonani zimene adachita Michael Atherton wa England ku Johannesburg mu December 1995. South Africa idawaikira 479 kuti apambane, nambala yoti sakadaifika, ndipo kunali kudakali tsiku limodzi ndi theka loti aponyeredwe mpira ndi Allan Donald, munthu amene mpira wake unkachita kulira mumphepo. Atherton adaima pamenepo mphindi 643, ndiye kuti maola 10 ndi mphindi 43, n'kulandira mipira 492 osatuluka. Adapeza 185. Mnzake Jack Russell adakhala naye maola oposa anayi n'kupeza 29 yokha, ndipo 29 imeneyo inali yamtengo wapatali kuposa 100 ya tsiku lamtendere. England siidapambane. Koma mpaka lero anthu akamatchula Atherton amayambira pa tsiku limenelo, osati pa masewera amene timu yake idapambana.

Za posachedwapa ndi za ku Sydney mu January 2021. India, imene masabata ochepa m'mbuyomo idatulutsidwa yonse ndi 36 yokha ku Adelaide, idatsala ndi Hanuma Vihari amene adavulala mnofu wakuseri kwa ntchafu, osathanso kuthamanga, ndi Ravichandran Ashwin amene msana unkamupweteka. Oponya a Australia adawamenya ndi mpira m'nthiti, m'mapewa, m'zala. Iwo osasuntha. Vihari adalandira mipira 161 n'kupeza 23. Adalepherana, ndipo sabata yotsatira India idakapambana ku Brisbane n'kutenga mpikisano wonse 2-1. Pakadakhala lamulo loti wa ma run ambiri ndiye wapambana, Vihari akadamenyera chiyani? Akadangopita kukagona kuchipatala.

Apa ndiye pagona kukoma kwa masewera aatali. Mu T20, imene idayamba ku England mu 2003 ndipo ndi imenenso timu yathu ya Malawi imasewera ikakumana ndi maiko ena, zonse zimatha m'maola atatu, ndipo woponya mmodzi saloledwa kupitirira mipira 24. Ili ngati chiwaya cha pamsewu: mwagula, mwadya chiimirire, mwapita. Ndilibe nayo mlandu, ndimaionera. Koma mu Test woponya akhoza kumusaka womenya mmodzi masana onse, kumuponyera mipira isanu yopita kunja kuti wachisanu ndi chimodzi ulowe mkati. Mpira umakalamba n'kuyamba khalidwe lina, ndipo watsopano amaloledwa pakatha ma over 80. Kanjira ka pakati pa bwalo kamene amaponyerapo kamauma, kamang'aluka, moti tsiku lachisanu mpira umadumpha ngati chule. Amene amasewera bawo pansi pa mtengo akudziwa kuti nyumba imene wafesa tsopano imadzakupweteka patsogolo. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo awa ndi masewera a anthu odekha, oonerera omwe.

Tsono ena amati, chabwino, ngati vuto ndi nthawi, bwanji osangosewera mpaka wina apambane? Zimenezo adayesa kale. Ku Durban mu March 1939 South Africa ndi England adagwirizana zoti masewera asakhale ndi malire. Adayamba pa 3, ndipo pa 14 anali asanamalize. England inkafuna 696, idafika 654 itataya anthu asanu okha, kutsala 42. Mvula idagwa, ndipo sitima yapamadzi yobwerera kwawo inkawadikira ku Cape Town. Adanyamula zikwama n'kukakwera sitima yapamtunda. Masewera opanda malire aja adatha molepherana basi, ndipo sadayesenso.

Komatu ndisanamizire kuti kulepherana kulikonse n'kokoma. Kulipo kwina konyansa. Ku Colombo mu 1997 India idapeza 537, Sri Lanka n'kubweza 952, Sanath Jayasuriya yekha 340. Pa pepala nambala zake zokongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku lachitatu aliyense ankadziwa kuti palibe chichitike, ndipo oponya ankangovutika ngati ng'ombe za pangolo. Ku Rawalpindi mu March 2022, Pakistan ndi Australia, masiku onse asanu adatuluka anthu 14 okha. Amene adalipira pachipata masiku amenewo ali ndi ufulu wodandaula. Koma wolakwa pamenepo si lamulo la kulepherana. Wolakwa ndi amene adakonza bwalo lakufa, kaya poopa kuti timu yawo igonja, kaya pofuna kuti a wailesi yakanema apeze masiku awo asanu onse. Bungwe la ICC lili ndi mphamvu zolanga mabwalo otere, ndipo lidanenadi kuti la ku Rawalpindi linali losafika pa muyezo. Chilango chake chikhwime, bwalo lotere lizimanidwa masewera. Osawotcha nyumba chifukwa cha khoswe.

Ndipo kunena zoona, amene akudandaulawa achedwa. Masiku ano kulepherana kwachepa kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980. Mu mpikisano wa World Test Championship, kuyambira 2021 wopambana amatenga mapointi 12, olepherana 4 aliyense, ndiye palibe kaputeni amene amadzuka m'mawa n'cholinga cholepherana. Omenya a lero, ozolowera T20, ambiri satha n'komwe kukhala tsiku lathunthu akutchinga. Luso la Atherton lija ndi limene likusowa, osati opambana.

Nkhani imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya kwa aneba athu, ku Bulawayo mu December 1996. Zimbabwe inali italowa mu Test mu 1992 chabe, ndipo a England ankaiona ngati mwana. Tsiku lomaliza England inkafuna 205 m'ma over 37. A Zimbabwe adabalalitsa anthu awo kumalire a bwalo n'kumaponyera mipira kutali ndi womenya, mochenjera ndithu, mpaka pomwe lamulo linkawalola. Pa mpira womaliza, woponya ali Heath Streak, pankafunika 3. Nick Knight adathamanga kawiri, n'kutulutsidwa akuthamanga kachitatu. Ma run a matimu onse awiri adafanana ndendende, koma poti England inali ikadali ndi omenya otsala, m'buku adalemba kulepherana, koyamba m'mbiri ya Test kutha motero. Mphunzitsi wa England, David Lloyd, adakwiya n'kuuza atolankhani kuti timu yake idawapha a Zimbabwe. Eti kupha! Munthu wophedwayo ndi amene adatuluka m'bwalo akuseka. Kaponyedwe kawo kanali kosakongola, ndikuvomereza, koma wosauka akamateteza chake sasankha ndodo yosalala.

N'chifukwa chake sindidamumvere chisoni Ben Stokes ku Old Trafford mu July 2025. England inali patsogolo ndi 311, India n'kutaya anthu awiri isanapeze ngakhale 1. Kuchoka pamenepo amwenyewo adakakamira mpaka tsiku lomaliza madzulo. Stokes ataona kuti zakanika adatambasula dzanja kuti azipita, koma Ravindra Jadeja ndi Washington Sundar, aliyense ali pafupi ndi 100, adakana. A England adayamba kunyogodola, ati zimenezi si ulemu. Ulemu wanji? Lamulo limati onse awiri avomereze. Mwalephera kumutulutsa munthu masana onse, ndiye mukufuna muzimuuzanso nthawi yoweruka? Onse awiri adafika pa 100 yawo, Sundar kanali koyamba pa moyo wake wa Test, kenako adagwirana chanza.