Mbiri ya pamanda ikusiya zambiri

Pa maliro a munthu wachikulire m'midzi ya Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, wowerenga mbiri satenga nthawi. Amaimirira mbale mmodzi ndi kapepala kong'amba m'kope la mwana wa sukulu, nanena kuti malemuwa adabadwa chaka chakuti, adakwatira kwa mfumu yakuti, asiya ana asanu ndi atatu ndi zidzukulu zosawerengeka, adadwala miyezi iwiri ndipo lero atisiya. Kwa abale achisilamu nthawi imachepa koposa, poti maliro sagonera. Anthu amabalalika akudziwa kuti aika mlimi wa chimanga ndi fodya. Koma ambiri mwa madoda amene akuikidwa masiku ano adagwirapo mfuti zaka zambiri asadabwerere ku khasu, ndipo kapepala kaja sikanenapo kanthu.

Taganizirani za bambo wobadwa cha m'ma 1945 kufupi ndi mishoni ya Massangulo, imene ansembe a Consolata adatsegula mu 1928. Dzina lake nlosafunika, chifukwa m'mudzi uliwonse wa m'malire muno bambo wotere alimo, kapena adalimo mpaka dzana. Nkhondo adayamba kuimva ali pamwendo pa agogo ake. Iwo ankasimba za nkhondo ya Chiwaya, pamene Ajeremani a von Lettow-Vorbeck adaoloka Rovuma pa Negomano mu November 1917 nayendayenda m'dziko lino akulanda chakudya, mpaka kukamenyana ndi asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland pa Lioma, kuseri kwa Cuamba, kumapeto a August 1918. Anthu a kuno ambiri sadapatsidwe mfuti pa nkhondo imeneyo. Ntchito yawo idali ya tengatenga, kusenza katundu wa azungu a mbali zonse ziwiri, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Nkhondo ya ubwana wake idali thonje. Kuyambira 1938 boma la Apwitikizi lidakakamiza anthu kulima thonje, sipayo akuyeza munda ndi chingwe, kampani ikudula yokha mtengo. Amene munda wake udamera tchire ankalandira mbalamatodya m'manja mpaka kutupa. Nthawi yopalira thonje ndi yomweyo yopalira chimanga, choncho nkhokwe zinkakhala pululu m'nyumba za anthu ogwira ntchito usana wonse. Nchifukwa chake mabanja ambiri adathawira ku Nyasaland, ena mpaka ku minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo. Lamulo lokakamiza thonjelo lidachotsedwa mu 1961, koma mnyamata wa zaka 16 adali ataona kale manja a bambo ake.

Pa 25 September 1964 ankhondo a Frelimo adaombera pa Cóbue, m'mbali mwa nyanja, ndipo m'zaka zotsatira nkhondo idafalikira m'Niassa muno. Apa ndi pamene njira za anyamata a msinkhu umodzi zidapatukana. Wina adatsata anthu obwera usiku, nayenda wapansi masabata angapo kukaphunzira usilikali ku Nachingwea m'dziko la Tanzania. Mnzake amene adavinidwa naye tsiku limodzi adalembedwa dzina ndi mfumu, natengedwa pa galimoto kukavala yunifolomu ya Apwitikizi, osafunsidwa ngati akufuna. Makolo awo adasonkhanitsidwa m'midzi ya mpanda imene boma lidamanga kuti anthu asadyetse a m'tchire. Amene adali m'tchire sadasiye khasu: m'madera amene Frelimo inkalamulira, msilikali ankalima chinangwa ndi mapira pansi pa mitengo kuti ndege zisaone munda. Msonkhano waukulu wachiwiri wa Frelimo udachitikira m'chigawo chomwe chino, ku Matchedje, mu July 1968.

Ufulu udadza pa 25 June 1975. Nova Freixo idabwerera ku dzina lake la Cuamba, Vila Cabral nkukhala Lichinga. Bambo uja adaganiza kuti watula. Adakwatira, nalima, naona ndalama ya metikali ikulowa m'malo mwa eskudo mu 1980. Koma mtendere sudakhalitse. Lamulo la 1978 lidati mnyamata aliyense atumikire usilikali zaka ziwiri, ndipo nkhondo ya boma ndi Renamo itakula, zaka ziwirizo zidasanduka zisanu ndi zitatu, kwa ena khumi. Akale amene ankadziwa mfuti adaitanidwanso kulondera midzi. Ena adagwidwa ali kumunda natengedwa ndi mbali inayo, ena adapitako mwa kufuna kwawo atakwiya ndi midzi ya pamodzi imene boma lidawasamutsiramo. Sitima ya ku Nacala idaleka kuyenda bwino, kotero kuti kuyambira 1987 asilikali a Malawi adabwera kudzalondera njanji. Msewu wa Cuamba, Mandimba mpaka Lichinga udali woyenda ndi mtima m'manja. Akazi ndi ana adaoloka pa Chiponde kukakhala m'misasa ndi kwa achibale cha ku Namwera ndi Mangochi, ndipo pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi adapitirira miliyoni imodzi.

Zonsezi bambo uja adazipenya ndi maso ake, koma mukamufunsa amangoti, "Zidapita zimenezo." Kukhala chete kumeneku kuli ndi chiyambi chake, ndipo sikoyenera kukunyoza. Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama atasaina mtendere ku Rome pa 4 October 1992, nyumba ya malamulo idakhululukira milandu ya nkhondo, ndipo sipadakhale bwalo lofunsa kuti adaotcha mudzi wakuti ndani. M'madera ambiri msilikali wobwerera kwawo sankalowa m'nyumba asadasambitsidwe mankhwala. Zovala za kunkhondo zinkatenthedwa, akuluakulu namuuza kuti za kumeneko azisiye kumeneko. Ndi mwambo umenewu anthu amene adaomberana adatha kukhala pa mphasa imodzi pa sadaka, ana awo nkukwatirana. Akadati aliyense afotokoze zonse mu 1993, midzi ina sikadamangidwanso.

Mu 1994 asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri adatula zida pamaso pa a United Nations. Aliyense adalandira khadi, zovala, khasu, mbewu ndi ulendo wopita kumene adasankha. Adalandiranso malipiro a miyezi 24, isanu ndi umodzi ya boma ndi 18 ya maiko othandiza, imene ankakatapa ku banki miyezi iwiri iliyonse. Ambiri ndalama imeneyo adagulira njinga, mbuzi kapena malata ochepa, ndipo itatha adatsala ndi munda basi. Mundawo nawonso udali ndi zake, chifukwa mabomba okwirira adatsalira m'njira ndi m'mbali mwa zitsime, ndipo dziko lidalengeza kuti lathana nawo mu September 2015, patapita zaka 23. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo adayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti zobisika ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zina mwa mfutizo amisiri adazidula nkupanga mpando umene uli ku British Museum ku London. Azungu amalipira ulendo kukauona, pamene amene adasenza mfutizo ali pakhonde pano ndipo palibe wowafunsa.

Zaka makumi atatu zotsatira ndi zimene kapepala ka pamanda kamadziwa. Bambo uja adalima fodya wa kampani pa ngongole ya feteleza, nakangana ndi ogula za giredi chaka ndi chaka. Cha ku Cuamba adabwerera ku thonje lomwe lija, tsopano mwa kufuna kwake. Chimanga, nyemba ndi nandolo ankazikweza pa njinga kukagulitsa ku Chiponde mtengo ukakhala bwino tsidya linalo, ndipo m'thumba mwake munkakhala makwacha ndi mametikali pamodzi. Adaona sitima ikufikanso ku Lichinga mu 2016, naona phula likudutsa pa Mandimba pamene kale ankabisalira galimoto. Pa mbendera ya dziko lino pali buku, khasu ndi mfuti. Iye ziwiri adazigwira mpaka manja kuchita zikang'a, koma bukulo lidampita, poti zaka zake za sukulu zidathera m'munda wa thonje ndi m'tchire.

Apa ndiye pagona vuto. Munthu wosalemba, amenenso adauzidwa kuti asakambe, akamwalira amapita ndi zonse, ndipo chotayika si mbiri yokha. Lamulo la ankhondo akale la 2011 limazindikira magulu awiri: omenyera ufulu, ndi amene adamenya nkhondo ya pambuyo pake. Pangano la Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade la pa 6 August 2019 lidatsegula njira yoti ankhondo a Renamo oposa 5,000 atule zida, ndipo mu 2023 boma lidavomereza penshoni yawo. Sikuti aliyense amene adagwira mfuti akulandira, ayi. Alipo ambiri amene adayenda mpaka nsapato kutha osaphula kanthu, ndipo amene adavala yunifolomu ya Apwitikizi lamulo limenelo siliwawerengera nkomwe. Koma kwa amene ali m'kaundula, mkazi wamasiye ndi ana ang'ono ali ndi poyambira kufunsa. Chomvetsa chisoni nchakuti pa ofesi safunsa zipsera. Amafuna mapepala. Ndipo mapepalawo kawirikawiri amakhala m'kachikwama kotsomeka kudenga, kumene chiswe ndi mvula zimafika msanga kuposa ana. Nthawi zina amatayidwa pamodzi ndi zovala za malemu tsiku losesa nyumba, achibale ataona ngati ndi zikalata zakale za fodya.

Palinso za minda. Nkhalamba zimenezi ndi zimene zikudziwa kuti malire a banja lakuti adali pa mtengo uti anthu asadathawire ku Malawi, ndani adabwereka dimba kwa yani mu 1994, ndi manda ati ali m'tchire la pakati pa midzi iwiri. Lamulo la malo la 1997 limalola umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, ndiye kuti mawu a gogo ali ndi mphamvu pa mlandu ngati chikalata. Milandu ina imene ikuvuta mafumu lero ikadatha ndi mawu awiri a munthu amene adaikidwa chaka chatha.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo limafuna wopita kukatunga. Mdzukulu amene ali ku sekondale ya Mandimba kapena ya Cuamba ali ndi kope ndi cholembera, ena ali ndi foni yojambula mawu. Safunika kufunsa kuti agogo adapha yani, funso limenelo ndi lamwano ndipo silidzayankhidwa. Afunse kuti adachoka pamudzi chaka chiti, adadutsa mitsinje iti, ankadya chiyani, anzawo amene sadabwerere adali a kwa yani ndipo adagona pati. Pali mabanja tsidya lino ndi tsidya la Malawi amene mpaka lero sadziwa kumene mwana wawo adaikidwa, pamene munthu amene adakumba nawo dzenjelo akukhala mtunda wa ola limodzi pa njinga. Nthawi yabwino ndi madzulo a m'chilimwe, ntchito ya kumunda itachepa, ndipo ndi bwino agogo aakazi akhalepo, chifukwa zaka za ku msasa ndi mayina a ana amene adamwalira kumeneko amasunga ndi iwo. Khadi lija la 1994 likapezeka, lijambulitsidwe pa boma, pepala limodzi lisungidwe kwa mwana wamkulu, lina kwa mwini mbumba.