Fodya wa pachala ngwa mphepo

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Akuluakulu ankatero pochenjeza munthu amene wayamba kuwerengera chinthu chisanakhale chake. Mwambi umenewu ukuyenerana ndi lonjezo limene Malawi anapereka ku United Nations mu 2021, loti adzachepetsa mpweya wotenthetsa dziko.

Mu 2017, kupatula za nkhalango, dziko lino linatulutsa matani pafupifupi 9 miliyoni a mpweya umenewu. Akatswiri anawerengera kuti tikapanda kusintha kanthu, pofika 2040 matani adzapitirira 34 miliyoni pachaka. Boma linalonjeza kuchotsapo 51 peresenti. Pamsonkhano nambala imeneyi imaomberedwa m'manja. Koma mukaisenda mupeza kuti 6 peresenti yokha ndi imene tinati tidzachita ndi mphamvu zathu, pomwe 45 yotsalayo ikudikira ndalama ndi luso zochokera kunja.

Kupempha ndalama zimenezo si kulakwa ayi. Amene anadzaza utsi kumwambaku si ife, ndipo anthu a ku Chilobwe, Phalombe ndi Mulanje, amene anataya abale awo pa namondwe wa Freddy mu 2023, ali ndi ufulu wolonjerera ngongoleyo. Vuto ndi lakuti amene ali ndi ngongoleyo amabweza mochedwa. Mu 2009 ku Copenhagen mayiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, koma bungwe la OECD linati ndalamazo zinakwana mu 2022. Mu Januwale 2025 Donald Trump anasaina zoti America ituluke m'pangano la zanyengo la Paris, ndipo chaka chomwecho bungwe la America lopereka chithandizo la USAID linatsekedwa. Imeneyo ndiyo mphepo ankanena makolo ija.

Ine chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi utsi umene susowa katswiri kuti auone. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mayi ali chowerama kukoleza moto, mwana ali kumbuyo, onse akupuma tinthu ting'onoting'ono timene madokotala amatitcha PM2.5. Timeneti timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo, n'kuyambitsa chibayo, chifuwa chosatha ndi matenda a mtima. Bungwe la WHO linati mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse. Onjezanipo zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba, moto wa tchire wa m'chilimwe, uvuni wa njerwa ndi maminibasi ofuka ngati mwini wake sapuma mpweya womwewo.

Apa pomwe pali phunziro limene tinalipeza tokha koma sitifuna kulikumbukira. Malawi anadziikira malire oti pofika 2020 pakhale mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni, ndipo boma linalengeza kuti nambalayo yakwana. Chitetezo Mbaula, imodzi mwa mbaulazo, inathandizadi: nkhuni zimapita zochepa, ndipo amayi oumba anapezapo ndalama. Koma kafukufuku wamkulu amene anachitika m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi Karonga, pa ana oposa 10,000, n'kusindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zokhala ndi fani, zotulutsa utsi wochepa kwambiri, sizinachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka 5. Mbaula zina zinkawonongeka, mabanja ankabwerera pa mafuwa, ndipo mwana amapumanso utsi wa kwa aneba ndi wa kudzala. Tinawerenga mbaula, mpweya sitinauyeze.

Magetsi akadakhala odalirika, ambiri m'tauni akadasiya makala. Koma namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ngakhale amene anali ndi kuka anatulutsanso mbaula. Kulanda matumba a makala pa rodibuloko, popanda kupatsa mayi wa ku Kawale china chophikira, sikungapulumutse nkhalango ya Dzalanyama.

Zimene zili m'manja mwathu n'zodziwika. Makhonsolo azitola zinyalala, anthu asamazitenthe. Galimoto yofuka isamalandire COF. Gasi azigulitsidwa pang'onopang'ono monga amagulitsira makala a m'jumbo, chifukwa wosauka amagula za lero lokha. Ndipo bungwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, liike zipangizo zoyezera mpweya ku Ndirande, ku Mchesi ndi ku Chibavi, zotsatira zake zizilengezedwa pa wailesi pamodzi ndi zanyengo. Nduna ikamapita ku Nyumba ya Malamulo kukanena za 2040, aphungu aziifunsa kaye kuti pa 6 peresenti yathu ija tafika pati chaka chino.