NZERU ZATSOPANO ZIBWERERE KU MUDZI KUMENE ZINATENGEDWA

Kwa Mafumu olemekezeka ndi Ziwalo zonse za Bungwe:

Tikupemphani kuti musanafike pa msonkhano ulinkudza muyambe mwalingirira nkhani iyi m'mabwalo mwanu. Anthu ambiri ayesa kuti nzeru za sayansi zipangidwa tsidya lija la nyanja, ndi kuti nchito yathu ndiyo kungozilandira ndi manja awiri. Ife titi iai. Pakuti zina za izo zimene dziko lapansi linyadira masiku ano zinakumbidwa m'nthaka yathu, zina zinayesedwa m'matupi a ana athu. Cimene citibvuta ndi ici, cakuti mbiri ya zopezedwazo imveka ku London ndi ku Geneva isanamveke pa bwalo la mfumu imene inapereka cilolezo.

Taonani umboni wace. M'caka ca 1991 pa Uraha, m'dziko la Karonga, anthu ofufuza anatola cibwano ca munthu wakale ca zaka zoposa 2,000,000, ndipo cibwanoco ciwerengedwa pakati pa mafupa akale kopambana a mtundu wa anthu. M'nyanja yathu muli nsomba za pfuko la mbuna ndi cambo mitundu yoposa 500, imene anzeru a maiko ambiri aphunzirapo m'mene mtundu umodzi wa zamoyo ugawikira nukhala mitundu yambiri. M'caka ca 2011 kunadziwika kuti munthu wa kacirombo ka Edzi akayamba msanga kumwa mankhwala, ngozi yakupatsira mnzace wa m'banja icepa ndi magawo 96 pa 100. Ndipo mwa mabanja amene anayesedwa munali a ku Lilongwe ndi a ku Blantyre. M'caka ca 2015 asing'anga a ku Blantyre, pogwira nchito ndi makina oona m'kati mwa mutu osaung'amba, anaonetsa kuti malungo akakwera m'mutu aphetsa mwana mwa kutupitsa bongo, kufikira upanikiza malo olamulira mpweya. Ana ngati 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa ndiwo anayesedwa katemera wa nthenda ya taifodi kuyambira 2018, ndipo katemerayo anafalitsidwa m'dziko lonse m'caka ca 2023. Ndiponso pa 23 April 2019 dziko lathu linayamba kupatsa makanda katemera wa malungo, Ghana ndi Kenya nalitsata pambuyo.

Tsono tifunsa, mwa mafumu akumva kalata iyi, ndi angati anafotokozeredwa zimenezi m'cinenero cao? Sitinenera onse zoipa, pakuti alipo ofufuza ena amene abwerera nakhala pansi ndi eni mudzi. Koma cimene ena acita mwa ufulu wao cokha, ife tifuna cikhale mwambo wa onse.

Asayese munthu kuti tingofuna ulemu. Pamene palibe kufotokoza pamera mphekesera, ndipo mphekesera ipha. Tonse tikumbukira caka ca 2017, pamene mbiri ya anamapopa inawanda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osacimwa naphedwa, anchito a za umoyo naopa kulowa m'midzi. Munthu amene anaona mwazi wa mwana wace ulikutengedwa m'kabotolo, osauzidwa konse kumene unamuka ndi cimene unaonetsa, sacedwa kukhulupira wonama woyamba kufika. Momwemonso katemera wa malungo: acepetsa nthenda, koma saitseka yonse, afunika kulandiridwa kanai, ndipo mwana ayenera kugonabe m'masikito. Mai wosauzidwa ici, mwana wace akadwala atalandira katemera, adzati ananyengedwa, ndipo mudzi wonse udzamva iye koposa sing'anga.

Ena adzati, Kodi nkhalamba ya kumudzi ingamve bwanji za bongo ndi za mwazi? Ife tiyankha kuti mai amene anacezera usiku ndi mwana wakukomoka adziwa kale theka la nkhaniyo, ndipo msodzi wa ku Nkhata Bay asiyanitsa nsomba zimene mlendo aziyesa imodzi. Cosowa si nzeru ya akumva, koma khama la onena. Makolo anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife kalumoko tikalandira ndi kuthokoza. Koma anatinso safunsa anadya phula.

Cifukwa cace tiika pamaso pa msonkhano mfundo zitatu izi:

1. Kuti mfumu iri yonse, isanalole ofufuza kulowa m'mudzi mwace, iwafunse poyera cimene afuna, cimene adzatenga, ndi nyengo imene adzabwera kudzanena zopezedwa; ndipo mau ao alembedwe m'buku la mudzi. Cilolezo ca mfumu cisalande ufulu wa munthu yense kukana.

2. Kuti Bungwe lipemphe Boma ndi sukulu zathu zazikuru kuti zofufuzidwa m'dziko lino zilembedwe mwacidule m'zinenero zathu, ndi kuwerengedwa pa misonkhano ya mafumu.

3. Kuti ziwalo zisonkhe kanthu caka ndi caka kuthangata ana a nzeru, akazi ndi amuna omwe, kuphunzira masamu ndi sayansi. Pakuti sikukwanira kuti mwana wathu akhale woyesedwa masiku onse, ayenera kukhala woyesa.

Amene ali ndi maganizo otsutsa asakhale nao kunyumba, koma adze nao pa msonkhano, kuti tikapangane cimodzi tisanalembere Boma.

Ndife anu m'nchito ya dziko,
MLEMBI WA BUNGWE.