Digiri Yaciwiri ya Sayansi ndi Ana a ku Bundabunda

Aliyense amene anayendapo pa mseu wa Great East kucokera ku Lusaka kupita ku Chipata awadziwa malo a Chinyunyu, m'dziko la Mfumu Bundabunda, kum'mawa kwa tauni ya Chongwe. Pamenepo madzi otentha atumphuka pansi usana ndi usiku, cilimwe ndi dzinja lomwe, ndipo m'mamawa wa mwezi wa Juni nthunzi yake ioneka bwino lomwe. Apaulendo aimika motoka, nasamba m'manja, najambula zithunzi, napitiriza ulendo wao. Koma ife tifunsa: mwa ana onse obadwira pafupi ndi akasupe amenewa, ndi angati angathe kutiuza kuti madziwo acokera pakuya motani, muli mcere wa mtundu wanji, ndipo ngati kutentha kwake kungakwanire kuyendetsa makina a magetsi?

Funsoli si lacibwana. M'zaka za m'ma 1980, ndi thandizo la dziko la Italy, makina opangira magetsi ndi madzi otentha anaikidwa pa akasupe a Kapisya, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Makinawo sanagwire nchito imene anawagulira, cifukwa madzi a pamalopo anapezeka kuti satentha kufika pamene makinawo anafunira. Cuma cinapita, zitsulo zinatsala. Kudziwa za pansi pa nthaka, za madzi ndi za tizirombo ndi nchito ya anthu amene anaphunzira kupitirira digiri yoyamba, ndipo nkhani ya maphunziro amenewo ndiyo tifuna kukamba sabata ino. Ena adzati iyi ndi nkhani ya anthu a ku Kabulonga, siikhudza mlimi wa ku Chinyunyu. Tiwapempha awerenge kufikira kumapeto.

Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, anthu akuda a muno okhala ndi digiri anali ongopitirira 100 pang'ono. Yunivesiti ya Zambia inatsegula zitseko zake mu Marichi 1966 ndi ophunzira 312, ndipo Sukulu ya Sayansi inali imodzi mwa masukulu atatu oyambirira. Makolo athu akumbukira kuti yunivesitiyo siinamangidwe ndi ndalama za Boma zokha. Anthu wamba a m'midzi ndi m'makomboni anasonkha ndalama, ndipo amene analibe ndalama anapereka nkhuku ndi mbuzi. Mu 1969 udindo woyendetsa yunivesiti unapatsidwa kwa Pulofesa Lameck Goma, mwana wa ku Lundazi, katswiri wa za udzudzu. Zimenezi tizichula kuti pasakhale wina woganiza kuti sukulu ya pa Great East Road ndi ya anthu a m'tauni okha. Mwana wa Msoli wa ku Bundabunda ali nalo gawo lake pamenepo, popeza agogo a ana onga iye ndiwo anagulitsa nkhuku zao.

Lero a digiri yoyamba ndi ambiri, ndipo ena a iwo ali m'maboma a kumidzi: mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya sekondale, mlangizi wa zaulimi, woyang'anira za madzi ku khonsolo, wopima magazi m'cipatala. Munthu wotere akafuna digiri yaciwiri, imene icedwa Masters, apeza njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya kufufuza kokha. Wophunzira asankha funso limodzi, napatsidwa mphunzitsi womuyang'anira, ndipo nthawi yonse agwira nchito yekha kufikira atalemba buku lalikulu la zimene wapeza. Njira yaciwiri ndi ya maphunziro a m'kalasi. Caka coyamba wophunzira akhala pansi monga kale, namvera aphunzitsi, nacita zoyesayesa m'labotale, nalemba mayeso. Akapambana ndipo aloledwa kulowa caka caciwiri, mmene afufuza nkhani imodzi yaing'ono ndi kulemba buku lalifupi. Palinso dipuloma ya pambuyo pa digiri, imene kawirikawiri itenga caka cimodzi ca m'kalasi. Pa Yunivesiti ya Zambia njira zonsezi zilipo, ndipo citsanzo cimodzi ndi maphunziro a kasamalidwe ka madzi amene aperekedwa pansi pa Sukulu ya Migodi.

Maganizo athu ndi akuti kwa munthu amene wakhala zaka zisanu kapena khumi pa nchito kumudzi, njira ya m'kalasi ndiyo yomuyenera. Ganizirani mphunzitsi amene anatsiriza digiri yake zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo waphunzitsa ana ndi coko ndi bolodi, mwina m'labotale mopanda mpopi wa madzi. Samu zowerengera zotsatira za kafukufuku anaiwala. Mapu a pa kompyuta, amene lero agwiritsidwa nchito pofufuza madzi a pansi ndi kuona mmene nkhalango zikuthera, sanawaphunzire konse. Mukamuponya m'njira ya kufufuza kokha, mwamupatsa khasu lopanda mpini. Adzabwerera ku sukulu yake, womuyang'anira ali ku Lusaka ndi ophunzira ena ambiri, makalata a pa foni sayankhidwa msanga, ndipo digiri ya zaka ziwiri idzasanduka ya zaka zisanu, kapena adzaisiya osamaliza. Caka ca m'kalasi cimpatsa zida, cimpatsa anzake okambirana nao, ndiponso cimuikira masiku a mayeso amene sangawathawe. Munthu wa banja ndi nchito afunika masiku otere.

Tidziwa kuti akatswiri ena sagwirizana nafe. Iwo ati digiri ya m'kalasi ndi digiri yoyamba yongotalikitsidwa, ndi kuti yunivesiti iyenera kubala nzeru zatsopano, osati kungobwereza zolembedwa kale. Mau ao ali ndi coona. Amene afuna kudzakhala mphunzitsi wa pa yunivesiti, kapena kupitirira ku digiri ya udokotala, ayenera kuzolowera kufufuza payekha, ndipo dziko lopanda ofufuza otere lidzakhala logula nzeru kunja masiku onse. Koma khonsolo ya kumudzi siifuna pulofesa. Ifuna munthu wodziwa kupima madzi a m'citsime ndi kumasulira zimene wapeza, wodziwa kuwerenga lipoti la kampani yofuna kutsegula mgodi ndi kuona pamene labisa kanthu. Munthu wotere apangidwa m'kalasi ndi m'labotale, ndipo buku lalifupi la caka caciwiri likwanira kumuphunzitsa kufunsa funso ndi kuliyankha moona.

Zaka zapitazi zatiphunzitsa kufunika kwa anthu amenewa. Kumapeto kwa 2016 mbozi zacilendo zinalowa m'minda ya cimanga, ndipo alimi ambiri anathira mankhwala osadziwa mlingo wake kapena nthawi yoyenera. Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga ca pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi, mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, cinapserera. Madzi a ku Kariba anacepa, magetsi nazima nthawi yaitali tsiku ndi tsiku. Nyengo yomweyo kolera inapha anthu oposa 700. Mu Febuluwale 2025 damu la zonyansa za mgodi ku Chambishi linagumuka, asidi nalowa m'madzi opita ku mtsinje wa Kafue. Anthu a ku Chongwe safunika kuuzidwa za kutali, pakuti mtsinje wao waphwa kangapo iwo akuona. Pa tsoka lililonse mwa amenewa, funso loyamba linali la kupima: madzi atsala angati, poizoni ndi woculuka motani, mbeu iti ipirira. Ndipo oyankha anacokera ku Lusaka, atafika mocedwa monga afikira munthu wocokera kutali.

Tsono ticenjeze. Masiku ano mayunivesiti aculuka, a Boma ndi a anthu, ndipo zikwangwani zoitanira anthu ku Masters ya madzulo kapena ya pa intaneti zili paliponse. Pa maphunziro a zamalonda kapena a kayendetsedwe ka maofesi, mwina munthu angaphunzire ali kunyumba. Sayansi siitero. Simungadziwe kupima nthaka pongoonera pa foni. Wofuna kulembetsa ayambe wafunsa ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka ndi bungwe la Higher Education Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Kenaka apite yekha akaone labotale ndi maso ake, afunse kuti aphunzitsi okhala ndi digiri ya udokotala alipo angati, ndipo afunsenso amene analembetsa zaka zitatu zapitazo ngati anamaliza. Ngati angomuonetsa cipinda ca mipando ndi pepala la malipiro, asunge ndalama zake. Tanena kale pa tsamba lino kuti matenda a kukonda pepala alipo pakati pathu: munthu afuna zilembo kumbuyo kwa dzina kuti akwezedwe pa nchito, osasamala cimene waphunzira. Digiri ya sayansi yotengedwa motero ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, cifukwa mwini wake adzasaina kuti madzi ndi abwino asanawapime.

Cotsekereza cacikulu ndi ndalama. Kuyambira Januwale 2022 mwana aphunzira ulere m'masukulu a Boma kufikira kutsiriza sekondale. Pa digiri yoyamba pali ngongole za bungwe la HELSB, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016. Koma wofuna digiri yaciwiri nthawi zambiri adzilipirira yekha, ndipo mphunzitsi wa kumudzi amene adyetsa ana ake ndi a abale sangathe kulipira sukulu, nyumba ku Lusaka ndi mankhwala a m'labotale kucokera pa malipiro a mwezi. Kwa amai cipsinjo cicita kuwirikiza, pakuti ndi ocepa amuna amene avomera kutsala ndi ana caka cathunthu. Cotsatira cake n'cakuti amene atenga madigiri amenewa ndi okhala kale m'tauni, ndipo akamaliza akhala komweko.

Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, lija tonse tilicha CDF, linakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo lakhala likukwera. M'thumbamo muli kale gawo lolipirira ana a m'masukulu ogonera ndi acinyamata ophunzira nchito za manja. Tipempha Boma liganizire zolola kuti dera lililonse lilipirire munthu mmodzi kapena awiri pa caka digiri yaciwiri ya sayansi. Poyerekeza ndi thumba lonse, ndalama zake ndi zocepa. Koma pakhale mapangano awiri olembedwa. Loyamba, wothandizidwayo abwerere kukagwira nchito m'dera lomwelo zaka zosacepera zitatu, ndipo akathawa abweze ndalama. Laciwiri, nkhani yofufuza m'caka caciwiri icokere kwao.

Ku Bundabunda ndi madera ozungulira nkhani zotere n'zosasowa. Matumba a makala aima m'mbali mwa mseu kuyambira Chongwe kufika ku mlatho wa Luangwa. Mitengo ya misasa ndi miombo ikutha pa liwiro lotani, ndipo itenga zaka zingati kuti iphukenso? Ku Rufunsa anthu asefa golide m'mitsinje. Kodi madzi amene amai atunga kumunsi ali bwanji? Zitsime zimene zakumbidwa ndi ndalama za CDF, ndi zingati ziphwa mu Okutobala, ndipo cifukwa ciani pano ziphwa koma apo ai? Ndi mtundu uti wa mapira kapena cinangwa ungapulumutse banja caka cimene cimanga cakana? Mafunso amenewa akwanira buku lalifupi la Masters, ndipo mayankho ake angagwiritsidwe nchito ndi khonsolo caka comweco. Wophunzira safunika kupita kunja. Malabotale a bungwe la NISIR ali pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, a zaulimi ali ku Mount Makulu ku Chilanga, ndipo Yunivesiti ya Chalimbana, imene inayamba monga sukulu ya aphunzitsi, ili m'Chongwe momwemo.

Kwa mayunivesiti tili ndi pempho limodzi lokha: akonze nthawi ya maphunziro a m'kalasi molingana ndi chuti ca masukulu, kuti mphunzitsi abwere milungu ingapo mu Epulo, Ogasiti ndi Disembala, nagwire zida ndi manja ake, osasiya ana ake opanda wowaphunzitsa caka conse. Ndipo akulu a maofesi a Boma m'maboma aleke kusunga makalata opempha chuti ca maphunziro m'madilowa kufikira tsiku lolembetsa litapita.

Makomiti a CDF a Chongwe ndi Rufunsa alandira maganizo kucokera ku makomiti a citukuko a m'mawadi, ndipo anduna a mafumu ali nao mau pamenepo. Nkhaniyi iyambire kumeneko. Pa msonkhano wotsatira wa wadi, wina aimirire nafunse kuti m'dera lonse muli anthu angati a digiri ya sayansi, maina ao alembedwe, ndipo afunsidwe ngati ali okonzeka kubwerera m'kalasi.