Duwa la amayi linkafuna kugawidwa

Amayi atatisiya, abale tinagawana katundu wochepa amene anali m'nyumba mwawo. Achemwali anatenga makina osokera, achimwene anatenga njinga. Ine ndinanyamula duwa limene linkakhala pakhonde, lija lamasamba obiriwira kwambiri lomwe pa Chingerezi amati peace lily. Ndinabwera nalo kuno kunyumba za aphunzitsi, ndipo kwa zaka ziwiri linkakula bwino.

Kenaka linayamba kufota tsiku ndi tsiku, ngakhale ndikalithirira m'mawa. Madzi ankangodutsa, ndipo mizu inali itatulukira pansi pa mphika. Ndinaganiza kuti likufuna malo aakulu, choncho ndinaliwokera mu ndowa ya malita 20 yopanda bowo ngakhale limodzi. Pasanathe mwezi masamba anasanduka achikasu. Nditalizula, ndinapeza mizu ina yakuda, yofewa ndi yonunkha. Chimene chinandiwawa n'chakuti ndine ndemwe ndimaphunzitsa ana za ulimi, koma chinthu chokhacho chimene amayi anandisiyira ndinatsala pang'ono kuchipha ndi manja anga.

Kwawo kwa duwali ndi m'nkhalango zotentha za ku America, monga ku Colombia, kumene limamera mumthunzi wa mitengo. Ndi pachibale ndi koko amene timalima kudimba. Choyera chimene timachitcha duwa chija kwenikweni ndi tsamba. Maluwa ake ndi timibulu tating'ono tomwe tili pakamtengo ka pakati. Limaberekana ngati nthochi, potulutsa mphukira m'mbali mwa tsinde. Zikachuluka zimalimbirana madzi ndi chakudya. Apa mpamene ndinalakwitsa: ndowa yaikulu imasunga madzi ochuluka kuposa amene mizu ingamwe, ndiye mizu imawola. Mankhwala ake anali kuligawa.

Umu ndi mmene ndinachitira. Ndinayala thumba pansi mumthunzi n'kusasa dothi lonse kumizu. Mizu yowola ndinaidula ndi mpeni wakuthwa umene ndinayamba ndauviika m'madzi owira. Kenaka ndinayang'ana pomwe mphukira zalumikizana n'kuzilekanitsa pang'onopang'ono ndi zala, mpeni ndinkaugwiritsa ntchito pokhapo pakanika. Gawo lililonse liyenera kukhala ndi mizu yake yoyera ndi masamba atatu kapena kuposerapo. Tsamba lopanda muzu silingaphuke. Ndinapeza magawo anayi.

Mphika watsopano ukhale wongokwana mizuyo, wotsala ndi mpata wa masentimita atatu kapena asanu m'mbali. Ngati mulibe mphika, chigubu chodula chimagwira ntchito, bola mubowole pansi ndi msomali wotentha. Dothi ndinasakaniza la pansi pa mitengo, manyowa owola bwino ndi mchenga wa kumtsinje kuti madzi azidutsa. Musakwirire tsinde mozama kuposa mmene linalili kale. Mukatha, thirirani mpaka madzi atulukire pansi, ndipo musathirirenso mpaka dothi lapamwamba liume mukaligwira ndi chala.

Ngati lanu lili bwino koma langothinana, lithirireni dzulo lake kuti lisavute kuzula, ndipo dikirani nyengo yofunda, osati kuzizira kwa June ndi July. Sabata yoyamba lidzagwetsa masamba ngati lafa. Musachite mantha n'kuthamangira feteleza. Dikirani mwezi umodzi kapena iwiri. Liikeni pounikira koma posawomba dzuwa, ndipo ngati madzi a pamjigo panu ndi amchere, lisungireni amvula.

Chenjezo kwa makolo: madzi a m'masamba ake amayabwa. Mwana, mphaka kapena galu akatafuna tsamba, mkamwa mumaotcha ndi kutupa. Liikeni patali, ndipo muzisamba m'manja mukatha ntchitoyi.

Mwa magawo anayi aja, limodzi linafa. Lina ndinapereka kwa achemwali, lina kwa achimwene, lachitatu lili pakhonde panga. Mwezi watha achemwali anandiimbira foni. “Iwe, duwa la amayi lija latulutsa loyera,” anatero. Tinacheza nthawi yaitali kuposa mmene tachezerapo chichokereni pamaliro.

Ngati muli nalo lothinana mumphika, musaope kuligawa. Likanakhala limodzi monga kale, tsiku lina likanafa lonse, ndipo tikanatsala opanda kanthu. Tionanenso sabata yamawa.