Njira ya Kuthanthwe Imadutsa M'munda

Mvula ikatha ndipo udzu ukayamba kuuma, m'madera ena amapiri a kummwera kwa Africa mumafika alendo odabwitsa. Iwo sadzera nyama zakutchire kapena nyanja. Chowakoka ndi miyala: matanthwe onga omwe amayi amayanikapo mphale ndi makaka, ndiponso zipupa za mapiri zomwe amazidziwa bwino ndi anyani okha. Alendowa amanyamula zingwe, nsapato zothina za mphira ndi timatumba ta ufa woyera wonga choko woumitsira thukuta m'manja. Masewera awo ndi kukwera thanthwe ndi manja ndi mapazi. Masewerawa salinso a anthu ochepa, pakuti m'chaka cha 2021 analowa mumpikisano wa Olympics ku Tokyo, komwe dziko la South Africa linatumizako achinyamata awiri, Erin Sterkenburg ndi Christopher Cosser.

Mlimi alibe nako ntchito kutalika kwa thanthwe. Chomukhudza iye ndi njira. Matanthwe ambiri ali kutali ndi msewu wa tala, choncho kuti mlendo akafike, ayenera kudutsa m'munda mwa munthu, pafupi ndi chitsime, mwinanso m'mbali mwa manda. Phindu la alendowa ndiponso mavuto amene amadza nawo zimaonekera panjira imeneyi, ndipo mudzi wosakonzekera umatsala ndi mavuto okhaokha.

Kakweredwe kake kali pawiri. Pazipupa zazitali anthu amakwera awiriawiri: wina amakwera atamangirira chingwe m'chiuno n'kumachikoleka m'tizitsulo tokhomedwa m'thanthwe, pomwe mnzake amagwira chingwecho pansi kuti akaterereka asagwe. Pamiyala yaifupi sagwiritsa ntchito chingwe, amangoyala matiresi apadera pansi. Pazikondwerero za masewerawa anthu amasonkhana masiku awiri kapena atatu, n'kumagona m'matenti. Kawirikawiri mpikisano wake umakhala wa mapointi: njira iliyonse yokwerera thanthwe ili ndi mapointi ake malinga ndi kuvuta kwake, ndipo opambana ndi amene asonkhanitsa ambiri nthawi isanathe. Pachifukwa ichi opikisana amathamanga kuchoka pathanthwe ili kupita pa lina, ndipo saganiza zolambalala munda.

Phindu lake ndi looneka. Tauni ya Waterval Boven, yomwe tsopano imatchedwa Emgwenya, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, inamangidwa kaamba ka njanji yochokera ku Pretoria kupita ku Maputo. Ntchito zapanjanji zitachepa, tauniyi inayamba kudziwika ndi matanthwe a pafupi ndi mathithi a mtsinje wa Elands, pomwe pali njira zokwerera zoposa 700, ndiponso ndi mpikisano wotchedwa Roc Rally. Alendo odzakwera amafuna pogona, chakudya ndi munthu wowalondolera, ndipo zonsezi amalipira.

Phunziro lalikulu kwa alimi lili ku Rocklands, m'mapiri a Cederberg pafupi ndi tauni ya Clanwilliam, kumpoto kwa Cape Town. Derali ndi louma, la alimi a tiyi wa rooibos ndi nkhosa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 miyala yake inatchuka padziko lonse, moti chaka ndi chaka m'miyezi yozizira ya June, July ndi August kumafika anthu ochokera ku Ulaya, America ndi Asia. Alimi ena anamanga nyumba zogona alendo, malo okhomapo matenti ndi malo odyera. Koma walira mvula walira matope. M'chaka cha 2013 gawo lina la miyalayi, lomwe lili m'munda wa munthu, linatsekedwa mwini wake atatopa ndi zinyalala ndi chimbudzi chomwe alendo ankasiya patchire. Okwera matanthwe anazindikira kuti mwala ungatchuke motani, mwini malo akakana palibe wokwerapo. Amene akufuna kukwera miyala ya ku Rocklands amagula chiphaso, pakuti malowo ali m'manja mwa alimi ndi bungwe la boma loteteza zachilengedwe la CapeNature.

Chinthu china chimene chikusintha nkhaniyi ndi njinga yamoto. Kale thanthwe lakutali linkatetezedwa ndi mtunda wake, chifukwa ndi ochepa amene akanalola kuyenda maola anayi atasenza zingwe ndi madzi. Lero njinga zamoto zoyenda m'tchire, zamatayala a mano akuluakulu, zimakwera pomwe galimoto silingayerekeze. Ubwino wake ulipo. Mlendo amafika m'mudzi womwe sukanamuona, anyamata a kabaza amapeza ntchito yonyamula anthu ndi katundu, ndipo wina akavulala amafika msanga pamsewu waukulu.

Vuto lake limaonekera m'nthaka. Njira ya anthu oyenda pansi imakhotakhota pokwera phiri, koma woyendetsa njinga amakonda kulunjika. Tayala lakumbuyo likamazungulira pamalo otsetsereka, limazula udzu n'kukumba kamzere kotsika ndi phiri. Njinga zikadutsa kambirimbiri, kamzereko kamakula ndi kulimba. Mvula yoyamba ikagwa, madzi amalondola mzerewo, liwiro lawo n'kumakula akamatsika, mpaka amang'amba chigwembe chomwe chimadula mizere ya akalozera ndi kukwirira dimba ndi mchenga. Ntchito ya zaka zingapo yodzala vetiva ingathe kuonongeka m'dzinja limodzi. Komanso nyengo yokwera matanthwe ndi yomwe udzu uli wouma, moti moto wophikira wa alendo ungathe kutentha udzu wofolerera nyumba ndi msipu. Ndi nyengo yomweyonso imene madimba a m'mbali mwa mitsinje, momwe njinga zimaolokera, amakhala ndi mbewu.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi ndi maiko oyandikana nalo, omwe ali ndi matanthwe ochuluka, kuyambira ku Matobo m'dziko la Zimbabwe mpaka kumapiri a miyala a kumpoto kwa Mozambique. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lili ndi chipupa cha Chambe choyang'ana kumadzulo chomwe chimakwera mamita pafupifupi 1,700, ndipo chimawerengedwa pakati pa zipupa zazitali kwambiri mu Africa. Buku la Frank Eastwood lolondolera alendo paphirili linatuluka m'chaka cha 1979. Ku Lilongwe bungwe la Climb Malawi linatsegula malo ophunzitsira achinyamata masewerawa, kotero kuti odzakwera salinso akunja okha. Anthu a m'munsi mwa phiri la Mulanje safunika kuuzidwa mphamvu ya madzi otsika m'phiri, pakuti anaiona m'mwezi wa March 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula nthaka ndi miyala ku Mulanje ndi ku Phalombe.

Ku Mulanje komweko kuli chitsanzo chabwino. Mpikisano wa Porters Race, wothamanga mtunda woposa makilomita 20 kuyambira ku Likhubula kukwera phiri ndi kutsikanso, unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati mpikisano wa anthu onyamula katundu wa alendo ndi owalondolera. Mpikisanowu ndi wa liwiro, koma ukuonetsa kuti mlendo akayenda pansi, ndalama yake imagwa m'manja ambiri: wolondolera, wonyamula katundu, wogulitsa nthochi ndi nanazi, wosema ziboliboli. Mlendo wodutsa panjinga yake, atanyamula chakudya chogula m'tauni, amangosiya fumbi.

Apa ndi pamene pali ntchito ya alangizi, mafumu ndi makomiti a chitukuko ndi a zachilengedwe m'midzi. Okonza chikondwerero asanabwere ndi matenti awo, payenera kukhala mgwirizano wolembedwa, wosainidwa pamaso pa anthu. Mgwirizanowo utchule malo amene njinga zonse zidzaime, kunsi kwa phiri, ndipo kuchokera pamenepo aliyense ayende pansi panjira imodzi yodziwika. Utchule poolokera mtsinje, pokumba zimbudzi, pophikira, ndiponso amene adzatole zinyalala. Unene kuti olondolera, ophika ndi onyamula katundu akhale a m'deralo, pamitengo yogwirizana poyera, amayi ndi achinyamata asaiwalike. Ndalama yolowera ilandiridwe ndi lisiti, isungidwe kubanki m'dzina la komiti, ndipo gawo lake likhale lokonzera njira mvula isanagwe. Ngati thanthwe lili m'nkhalango yotetezedwa, monga momwe phiri la Mulanje lakhalira kuyambira 1927, a Dipatimenti ya Zankhalango ayenera kukhalapo pazokambiranazo.

Mgwirizanowo unenenso mosabisa miyala imene siyenera kukhudzidwa. Mlendo sangadziwe payekha kuti phanga ili ndi la nsembe kapena kuti kuseri kwa mwala uja kuli manda. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 okhala ndi zojambula zakale za pamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006, ndipo phiri la Mulanje linalowa pamndandandawu m'chaka cha 2025 kaamba ka chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ake. Chitsulo chikakhomedwa pamwala wotere, kapena choko cha m'manja chikapakika pachojambula, palibe ndalama imene ingabweze.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Chikondwerero chimatha Lamlungu madzulo, matenti n'kupindidwa, njinga n'kubwerera kutauni. Wotsala ndi mlimi, amene mvula ikadzayamba adzaona kumene madzi a panjira ija akulowera. N'chifukwa chake msonkhano wa pabwalo la mfumu uyenera kuchitika mlendo woyamba asanafunse njira, pamene mudzi ukadali ndi mpata wonena pamene njinga idzaime.