Jakisoni wake uti?

Azakhali anga ndi atelala, ndipo phewa lawo lamanja lakhala likuwasowetsa tulo. Tsiku lina anandigwira chala nkuchiika pamwamba pa phewalo. "Dina apa, mwanangu." Ndinapeza kamfundo kolimba ngati njere ya chimanga. Nditadina anafuula, nkugwira kuseri kwa khutu, osati paphewapo ayi.

Madokotala amati trigger point: kachigawo ka mnofu komwe kakungika nkukana kumasuka, ululu wake nkumakamveka kwina. Kwa azakhali mankhwala ake ndi amodzi basi, jakisoni. Mapiritsi amati nzamasewera. Pakachipatala kena kolipira amawabaya diclofenac kuthako, nkubwerako akuyamikira. Pakapita masiku awiri ayambiranso kubuula. Jakisoni ameneyu amangoziziritsa ululu m'thupi monse, kamfundo kaja sakakhudza, ndipo kumubwerezabwereza kumavulaza impso ndi m'mimba.

Jakisoni wa vutoli amabaya pamfundo penipenipo. Anatchukitsa njirayi ndi Janet Travell, yemwe mu 1961 anakhala dokotala wa pulezidenti wa America, John F. Kennedy, ku White House, ndipo ankamubaya procaine pamsana. Masiku ano ambiri amasankha lidocaine, wochititsa dzanzi.

Chondidabwitsa ine nchoti mu 1979 Karel Lewit wa ku Prague anaonetsa kuti singano yokha, yopanda mankhwala, imachepetsanso ululu ikalasa malo oyenera. Mnofu umachita kudumpha pang'ono, kenaka nkulekerera. Ubwino wa lidocaine ngwakuti pobayidwapo sipawawa kwambiri mawa lake. Ndiye kuti luso lili m'dzanja la wobayayo, osati m'kabotolo.

Ena amathiramo steroid. Ine sindiwayamikira. Umboni woti imaposa lidocaine yekha ngwochepa, chonsecho imatha kupyapyalitsa khungu nkuliyezula, ndipo pakhungu lakuda ngati lathu banga lotero silibisika. Botox naye alipo, wodula, mphamvu yake imatha pakapita miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono, koma akafukufuku sagwirizana ngati amathandizadi pavutoli. Mtelala wapakhonde angazione kuti ndalama zoterozo?

Ndipo paphewa si pobaya chisawawa. Pansi pake pali nsonga ya phapo, singano ikapitirira imaliboola. Asakubayeni munthu wongodziwa kubaya kuthako.

Azakhali tinapita nawo kwa a fizio, akatswiri owongola minofu. Sanatulutse singano. Anawafunsa kutalika kwa mpando wawo, ndi maola omwe amakhala atawerama pamakina osadzuka. Anakanikiza kamfundo kaja ndi chala chachikulu mpaka azakhali kulumira mano, anawaonetsa mopendeketsera khosi kuti mnofu utambasuke, nkuwauza kuti madzulo azithowa ndi kansalu ka madzi ofunda. Anati zikakanika mpamene tidzakambe za kubaya.

Panjira azakhali anali duu. Titafika pa siteji ya minibasi anatembenuka. "Ndiye ndalama yonse ija, osandibaya ngakhale kamodzi?"